Corolla yanga itawira pa Chimbiya

Galimoto yanga inali Toyota Corolla ya 1998, zija amakaniko amangoti AE110, ya injini ya 5A. Ndinaigula mu 2014 kwa bambo wina amene anachita kuiitanitsa yekha ku Japan, n'kukaitenga ku doko la Dar es Salaam, n'kulowa nayo m'dziko muno kudzera pa Songwe. Pofika December 2023 inali itandisenza zaka 9. Inkatula ana kusukulu, inkabweretsa matumba a chimanga kuchokera kumudzi ku Ntcheu, inathamangitsapo odwala kuchipatala pakati pa usiku, ndipo pa maliro ndi pa zinkhoswe za kwathu sinkasowa. Mu mzere wathu ku Area 25 ana ankaizindikira ndi kulira kwake isanakhote n'komwe.

Tsiku lomwe inandigwetsa ulesi tinali anayi, ine, mayi a kunyumba ndi ana awiri, tikupita kukaona amayi anga Khirisimasi itayandikira. Titadutsa Linthipe, msewu wa M1 utayamba kukwera kulowera ku Dedza, ndinaona singano ya geji ya kutentha ikuchoka pakati pamene inkakhala masiku onse. Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikunena kuti wina asadzabwereze. M'malo moima pomwepo n'kuzimitsa injini, ndinati ndilimbe mtima ndikafike pa Chimbiya pomwe pali anthu ndi madzi. Makilomita ochepa amenewo ndi omwe anandidyera ndalama zonse zimene ndifotokoze. Pofika pa Chimbiya nthunzi inali ikutuluka m'mbali mwa boneti, injini ikugogoda, m'galimoto mukununkha chinthu chopserera. Paipi ya pansi ya rediyeta inali itang'ambika, madzi onse atathera mumsewu.

Anyamata a pamsika anathamanga ndi zigubu, wina atagwira kale chivindikiro cha rediyeta kuti atsegule. Mwamwayi panali dalaivala wa thiraki amene anakuwa kuti, "Musatsegule! Mupsa nkhope!" Rediyeta yotentha satsegula, ndipo injini yowira sathira madzi ozizira. Tinadikira kupitirira ola lathunthu. Mayi ndi ana anakwera minibasi kupitiriza ulendo, ine n'kubwerera ku Lilongwe ndi galimoto ili pa chingwe, mtima uli zii.

Nkhani ya galimoto yakufa imayenda msanga. Pasanathe masiku atatu madobadoba anali atafika pa geti. Wina anazungulira galimoto kawiri, n'kuponda tayala ndi nsapato, n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi ya masipeya basi. Tikupatsani K1,200,000 lero lomwe, tiikoke tokha, mupume." Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinali nditatopa, ndinali ndi manyazi ndi zomwe zinachitika ana akuona, ndipo makaniko woyamba amene ndinamuitana anali atandiuza, asanamasule bawuti ngakhale imodzi, kuti injini yatha, ndingogula ina.

Anandiletsa ndi mayi a kunyumba. Usiku umenewo ana atagona anati, "Abambo, musagulitse chinthu mtima uli m'mwamba. Anthu awa abwera msanga chifukwa akudziwa kuti mwakhumudwa. Dikirani sabata imodzi, galimoto sithawa." Kenako anatulutsa kope lawo lachikuto chofiira, lomwe amalembamo ndalama iliyonse yotuluka m'nyumba, kuyambira makala mpaka fizi.

Kope limenelo linasintha kaganizidwe kanga. Tinakhala patebulo n'kutola chilichonse chimene chinapita ku galimoto kuyambira 2021 mpaka 2023, n'kuzigawa pawiri. Mbali ina tinaika zimene galimoto iliyonse imadya, yatsopano kaya yakale: oyilo ndi mafyuluta, matayala, mabuleki, batire, inshuwalansi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu). Mbali inayo tinaika zokhazo zimene zinabwera chifukwa cha ukalamba wake. M'mutu mwangamu ndinkakhulupirira kuti galimotoyi ikundimaliza, chifukwa mwezi uliwonse ndinkaona ngati pali kanthu. Koma papepala mbali yachiwiriyo inali yaifupi: alitaneta kamodzi, mashoko akutsogolo, mabushi, ndi pampu ya mafuta. Zina zonse zinali zoti ndikanalipirabe ngakhale ndikanakhala ndi galimoto ya chaka chatha. Munthu ukatopa ndi galimoto umayamba kuiimba mlandu ngakhale wa matayala, pomwe matayalawo akudyedwa ndi maenje a mumsewu.

Chachiwiri chimene tinachita ndi kufunsa mitengo ya galimoto zina, ndipo apa nthawi inali yoipa zedi. Mu November 2023, mwezi umodzi chabe m'mbuyo mwake, Reserve Bank inali itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Izi zinabwera pamwamba pa kutsitsa kwina kwa 25 peresenti mu May 2022. Galimoto zathuzi pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo mtengo wake, ndalama ya sitima, ndi msonkho wa pa boda zimatsatira dola. Msonkhowo umakweranso galimoto ikakhala yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu, ndiye kuthawira ku yotchipa ya ku Japan sikukupulumutsa monga momwe chithunzi cha pa intaneti chimakunamizira. Ndinayenda m'malo ogulitsira galimoto m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe, ndinaona ma Vitz, ma Sienta, ma Demio. Ngakhale nditaphatikiza ndalama ya madobadoba ija ndi zonse zimene tinasunga, sindikanafika ngakhale theka la mtengo wa yaing'ono kwambiri. Yomwe ndikanakwanitsa inali galimoto ina yokalamba ngati yangayo, ya munthu amene naye akuithawa pa zifukwa zomwe sangandiuze.

Anzanga ambiri kuntchito ankandiwerengera motere: ngati kukonza kukuyandikira theka la mtengo wa galimoto, gulitsa. Ine masamu amenewo ndimawakana mpaka lero. Galimoto yakufa ilibe mtengo weniweni, imagulidwa pa mtengo wa munthu wothedwa nzeru. Funso lomwe linandithandiza linali lina: ndalama yokonzerayi indigulira miyezi ingati ya kuyenda bwino, ndipo ndikaiphatikiza ndi yogulitsira, ingandigulire chiyani china? Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Corolla yanga ndinkaidziwa matenda ake onse, ya mwini sindikanaidziwa.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anandilozera kwa makaniko wachikulire amene ali ndi kagalaja kake kuseri kwa nyumba. Madala amenewa anagwira ntchito mosiyana kwambiri ndi woyamba uja, ndipo ndifotokoze bwinobwino chifukwa izi mukhoza kuziona ndi maso anu ngakhale simudziwa za injini. Anayamba ndi kutsegula chivindikiro cha oyilo n'kundionetsa kunsi kwake. Kunali zinthu zoterera zooneka ngati tiyi wamkaka. "Mukuona, bwana? Madzi alowa mu oyilo." Anaika paipi ina, n'kudzaza rediyeta injini ili yozizira, n'kuiliza chivindikiro chili chotsegula. Madzi anayamba kutulutsa thovu ngati mphika ukuyamba kuwira, kumbuyo kukutuluka utsi woyera wosatha. Anati imeneyo ndi hedi gasiketi, chija chimatseka pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake, yapsa, ndipo mpweya wa mu silinda ukudutsira m'njira za madzi. Kenako anachotsa mapulagi onse anayi n'kuyeza kompuresheni ya silinda iliyonse ndi geji, akulemba manambala pa katoni. Ziwiri za pakati zinali zotsika, ziwiri za m'mbali zili bwino.

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye injini yatha, madala?" Anapukusa mutu. "Sindinganene ndisanatsegule. Hedi ya 5A ndi ya aluminiyamu, ikatentha imapindika. Tiichotse, tiitumize ku makina akaiyeze ngati siinang'ambike. Ikakhala yopindika chabe, aisikima, ndiko kuipala kuti isalale, ibwerera. Koma musanaike tambala iliyonse, tiyeni tione kaye kunsi."

Mawu omalizawo ndi omwe ndikufuna aliyense awasunge. Tinakankhira galimoto pa dzenje, iwo n'kulowa ndi tochi ndi kahamala, n'kundiuza kuti nditsike nawo. Anayamba kugogoda zitsulo za kunsi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pomwe chitsulo chili chamoyo hamala imalira ngwe, pomwe chadyedwa imalira phwa. Kutsogolo konse kunali bwino. Kumbuyo, cha pomwe shoko ya kumanzere imagwira thupi la galimoto, panali dzimbiri lofufuma ngati khungwa la mtengo. Anakanda ndi sikuludiraiva, zikhungwa zinagwa, koma chitsulo sichinabowoke. Anandiuza kuti galimoto zina zimabwera nalo dzimbirili kuchokera ku Japan komweko, makamaka za kumadera ozizira kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo kuno matope a dzinja amangopitiriza ntchito. "Injini imagulidwa, bwana. Giyabokosi imagulidwa. Koma thupi likatha, galimoto yatha. Apa muli ndi zaka ziwiri, mwina zitatu. Konzani injini, koma muzidziwa kuti simukukonza ya muyaya."

Panali njira ziwiri. Ina inali kugula injini yakale yochokera kunja, zija zimadzaza m'mashopu a masipeya. Ina inali kukonza yomweyo. Injini yogula ili ndi ubwino wake, imalowa msanga, koma sudziwa kuti inayenda bwanji ndipo inakhala nthawi yaitali bwanji pansi. Komanso nambala ya injini ikasintha uyenera kukasinthitsa mapepala ku Road Traffic, ndipo usagule injini yopanda lisiti looneka bwino, chifukwa ukhoza kupezeka wanyamula katundu wakuba osadziwa. Hedi yathu itabwera ku makina anati ilibe mng'alu, yangopindika pang'ono. Masilinda nawo analibe mikwingwirima. Tinasankha kukonza.

Masipeya ndinakagula ndekha, madala aja ali pambali panga. Sikuti sindinkawakhulupirira, anachita kundiuza okha kuti tipite limodzi kuti ndione kusiyana kwa zinthu. Gasiketi ya mtundu umodzi inali ndi mitengo itatu, ndipo yotchipitsitsayo ukaigwira inkapindika ngati katoni. Tinatenga yodula. Poti injini inali yotsegula kale, tinasinthiratu timing belt (lamba woyendetsa mavavu a injini), wotapampu (pampu yozungulitsa madzi), mapaipi onse a madzi ndi chivindikiro cha rediyeta. Tinapezanso kuti themositati, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, munalibe, winawake anaichotsa kalekale poganiza kuti kuno kotentha siifunika. Tinaibwezera. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuthira madzi a pampopi okhaokha, chifukwa ndi omwe anadya mapaipi ndi rediyeta mkati mwakachetechete, ndinayamba kugula coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Pomanga mabawuti a hedi ndinaona akugwiritsa ntchito sipanala yoyezera mphamvu, akutsatira ndondomeko kuchokera pakati kupita m'mbali. Makaniko amene amamanga hedi ndi mphamvu za m'manja chabe, mudzabwererako pasanathe miyezi.

Zonse pamodzi, masipeya, makina ndi ntchito ya manja, zinakwana K520,000. Theka linachokera ku zomwe tinasunga, theka mayi a kunyumba anabwereka ku banki m'khonde yawo, tinabweza m'miyezi inayi. Kukanakhala kuti njira yokhayo inali katapila, sindikanakonza. Galimoto ya pakhomo siibweretsa ndalama tsiku ndi tsiku ngati minibasi, ndiye chiwongoladzanja cha katapila chikhoza kukudyera galimoto ndi njinga yomwe.

Masabata atatu amene galimoto inali pa galaja anandiphunzitsanso china. Ndinkalemba ndalama za minibasi ndi kabaza za banja lonse, kupita ndi kubwera. Ndinapeza kuti pa ulendo wa ine ndekha wa kuntchito, minibasi inali yotchipa kuposa mafuta. Galimoto inkapindula pa ana, pa katundu ndi pa maulendo a kumudzi. Itatuluka ndinasintha kayendedwe, masiku ena n'kumaisiya pakhomo. Izi zinadzatithandiza kumapeto kwa 2024 mafuta atasowa, anthu akugona pa mizere ya m'mafilingi siteshoni. Malita ochepa amene ndinkapeza ndinkasungira zofunika zenizeni.

Inayenda bwino chaka chonse cha 2024 ndi miyezi yambiri ya 2025. Singano ya kutentha sinasunthenso. Ndinapita nayo ku Ntcheu kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa pa Chimbiya maso ankapita okha pa geji. Amayi anga atadwala mu dzinja ndi Corolla yomweyo imene inawabweretsa ku Lilongwe. Ndikawerenga miyezi imene K520,000 ija inandigulira, sindidandaula ngakhale pang'ono.

Koma mawu a madala aja anakwana. Chakumapeto kwa 2025, nthawi ya COF itayandikira, ndinayamba kumva kugunda kumbuyo ndikadutsa pa bampu. Ndinkaganiza kuti ndi shoko. Titalowanso pa dzenje, sikuludiraiva inangolowa m'chitsulo ngati mu papaya lakupsa. Titachotsa kapeti ya mu buti, ndinaona kuwala kwa dzuwa kudzera pansi. Dzimbiri linali litafalikiranso kumanja, ndi pansi pa mpando wakumbuyo, pomwe malamba a ana amagwira.

Panali anthu ondiuza kuti ndipite kwa owotcherera, aike zigamba, apake phula lakuda, ndikadutse COF bwinobwino. N'zoona kuti chigamba chabwino pa malo amodzi chimagwira. Koma madala aja anandionetsa kuti panalibenso chitsulo chamoyo choti chigamba chigwirepo, ukawotcherera apa, pafupi pake pakubowoka. "Ndikhoza kukubisirani kuti aliyense asaone," anatero, "koma inuyo mudzakhala mukudziwa, ndipo kumbuyoko kumakhala ana anu." Sindinafunenso kope lofiira tsiku limenelo. Pa injini funso linali la ndalama, ndipo ndalama zimawerengeka. Apa funso linali loti shoko ikadzazuka ndili pa liwiro pa chitunda cha Dedza, ndidzauza chiyani mayi awo a anawo.

Chinandipweteka n'chakuti injini inali ikulira bwino kuposa kale lonse. Koma ubwino wa injiniyo ndi womwenso unandipatsa mphamvu pa malonda. Mu 2023 ndinali ndi galimoto yakufa, madobadoba akunditchulira mtengo. Tsopano ndinali ndi galimoto yoyenda, ndi mulu wa malisiti oonetsa chilichonse chimene chinasinthidwa ndi tsiku lake. Sindinathamange. Ndinauza anthu ochepa, ndipo aliyense wobwera ndinkayamba ndi kumutsegulira buti n'kukweza kapeti. Awiri anabwerera pomwepo. Wina anandinong'oneza kuti ndikudzipha ndekha pa malonda, ndikanangopaka phula. Sindikanatha. Munthu amene ndikanamunamiza akanakwezamo ana ake monga ine.

Amene anagula anali mnyamata wa galaja amene anali ndi Corolla ina ya mtundu womwewo, ya thupi labwino koma injini itagogoda. Kwa iye galimoto yanga inali ndendende chimene ankafuna: injini yodziwika mbiri yake, giyabokosi, magalasi, zitseko, magetsi. Ma Corolla amenewa alipobe ambiri m'misewu yathu, ndiye chipangizo chilichonse chili ndi wochifuna. Izi n'zimenenso muyenera kuganizira musanaike ndalama mu galimoto yakale. Ya mtundu wofala imakonzeka pena paliponse ndipo ngakhale itafa imagulika, koma ya mtundu wosowa ukhoza kudikira kachipangizo kamodzi miyezi, n'kudzasowanso wogula. Tinagwirizana mtengo woposa uja wa madobadoba, ngakhale kuti kwacha ya 2025 sinalinso yofanana ndi ya 2023.

Pa mapepala sindinalole chidule. Ndinaonapo mnzanga akuvutika ndi apolisi chifukwa cha galimoto imene anagulitsa zaka zitatu m'mbuyomo, itachita ngozi ikadali m'dzina lake. Tinalemba kalata ya mgwirizano yotchula nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, komanso mawu oti wogula waona dzimbiri ndipo wavomera. Tinasayina pamaso pa mboni ziwiri, aliyense n'kutenga kope lake. Ndalama inalowa ku banki ndisanapereke makiyi, ndipo tinapita limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini, blue book sindinangomupatsira pa geti.

Tsiku lobwera kudzaitenga ndinadzuka m'mamawa n'kuitsuka, ngakhale ndinkadziwa kuti ikukaphwasulidwa. Pansi pa mpando ndinapeza pensulo ya mwana wanga wamkulu, ndalama zachitsulo zingapo, ndi kansalu ka amayi anga komwe anamangiramo mtedza tsiku lomwe ndinawabweretsa kuchipatala. Mnyamata uja anailiza kamodzi kokha, n'kumvetsera injini mutu ataupendeka, n'kunena kuti, "Madala, iyi munkaisamala." Ana anaima pa geti mpaka inakhota.

Ndalama yake ili ku banki, tikuwonjezerapo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Pakali pano ndikukwera minibasi, ndipo chimanga cha chaka chino chinabwera pa lole ya achimwene anga. Loweruka lapitali ndinapita kukaona Sienta ina imene munthu akugulitsa ku Area 49. Mwini wake anayamba kundionetsa wailesi ndi mipando, ine ndinamupempha kuti tiipititse kaye pa dzenje kwa madala aja. Tochi ndi kahamala ndinali nditanyamula kale m'chikwama.